Mkazi Mnzanga Ankakomoka Pakatha Mphindi Khumi ndi Ziwiri

1

Ndisananene zambiri, dziwani kuti ine ndine munthu wosamala zinthu. Sofa yathu inatha zaka zisanu ndi ziwiri isanavulidwe pulasitiki yake. Mlendo akakhalapo inkalira, akamadzuka inkamumata m'miyendo, koma inali yatsopano. Rimoti ya TV inali m'kathumba komwe inabweramo, nditamanga ndi labala. Ndi mmene amayi anga anatilerera. Ankati chinthu ukachivula, tsiku lomwelo chayamba kukalamba.

Ntchito yanga ndi ya utelala, ndimasokera pakhonde la kuseri. Amunanga amagwira pa depoti, kulongosola nthawi yonyamukira mabasi. Anzawo amawatchula kuti Injiniya chifukwa tsiku lina anakonza ketulo ya mu ofesi. Ena amati ketuloyo inangoiwalidwa kuikidwa pamagetsi, koma dzina linakhala.

Matenda a magemu anawatengera kwa mnzawo wa kuntchito. Tangoganizani, munthu wotha tsiku lonse akukangana ndi mabasi enieni, ankafuna azibwera kunyumba kudzayendetsa basi yabodza pa kompyuta.

"Ndiye gulani yomangamanga kale," ndinatero.

"Mayi, mwamuna weniweni amamanga yekha."

Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Ndinawatumiza kwa mlongo wanga wamng'ono, amene aliyense amamutchula kuti Waya chifukwa cha kuonda kwake komanso ntchito yake. Ali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta kunsi kwa masitepe a nyumba ina yosanja. Waya anali pa chibwenzi ndi mlongo wawo wa amunanga, mtsikana wofatsa amene ndi namwino. Ukwati unali utatsala miyezi yochepa, ndipo madiresi ofiira a operekeza mkwatibwi ndinkasoka ndine. Popeza bambo a namwinoyo anamwalira, mawu a amunanga pa nkhani ya ukwatiwu anali omaliza.

2

Kusankha zipangizo kunatenga miyezi itatu, ndipo kunachitikira pa tebulo langa lodyera. Madzulo aliwonse awiriwo ankaweramira pa foni ngati akuwerenga kalata ya maliro.

"Alamu, purosesa iyi singalowe pa mazabodi iyo," ankatero Waya. "Malo ake ndi osiyana."

"Tikankhira."

"Si katundu wa pamwamba pa basi ameneyu, alamu. Mukapinda kamwendo kamodzi, zonse zathera pomwepo."

Amunanga ankafuna mafani owala mitundumitundu ngati galimoto ya ukwati. Waya ankati mphamvu ziike pa girafikisi khadi, chifukwa ndi limene limajambula basiyo, komanso pa pawa sapulayi yodalirika yogawira zipangizo magetsi, chifukwa yachinyengo ikapsa imapita ndi anzake onse. Anakangana sabata yathunthu za ramu, yothandiza kompyuta kukumbukira zomwe ikuchita, kuti agule timitengo tiwiri kapena kamodzi kakakulu. Kenako anazindikira kuti khadi lomwe asankha ndi lalitali, mwina silikwana m'kesi, bokosi lachitsulo lomangiramo zonsezo, ndipo anabwereka tepi yanga yoyezera anthu. Tepiyo sinabwerere.

Pa miyezi imeneyo ndinasintha tsitsi kawiri, amunanga osaona. Koma tsiku lomwe fani inabwera yakuda m'malo mwa yoyera, anazindikira akadali pageti, bokosi lisanatsegulidwe n'komwe. Ndinkati ndikawafunsa za tsiku lawo, ankandiyankha za purosesa. Ndinayamba kuitchula kompyutayo kuti mkazi mnzanga isanabadwe, ndipo iwo ankaseka, osadziwa kuti ine sindinkaseka.

Zipangizo zonse anaitanitsa ndi Waya kudzera kwa anthu omwe amamugulitsa katundu wa kushopu. Zimenezi muzikumbukire.

3

Tsiku lomanga linali Loweruka m'mawa. Anachotsa nsalu yanga ya patebulo n'kuyala mabokosi. Waya anatiuza kuti aliyense wofuna kugwira kanthu ayambe wakhudza chitsulo cha kesi, chifukwa m'thupi mwa munthu mumakhala timagetsi tomwe timapha zipangizo. Amunanga ankakhudza chitsulocho mphindi iliyonse ngati akulonjera mfumu.

Purosesa yomwe inawasowetsa tulo miyezi itatu inali kanthu kakang'ono ngati bisiketi. Waya anaigoneka pamalo pake mosapuma n'komwe. Ramu inalowa n'kulira kuti tha, amunanga n'kudumpha poganiza kuti yathyoka. Kenako Waya anatulutsa choziziritsira, chinsanja cha timalata topyapyala chokhala ndi fani pambali, chomwe chimakhala pamwamba pa purosesa kuti isapse. Anachikonza, anachigoneka pambali, n'kuyamba kupisa m'matumba.

"Aa, pesiti ndaisiya kushopu."

Pesitiyo ndi mankhwala otuwa, ngati otsukira mano, omwe amapaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira kuti kutentha kuzidutsa bwino. Amunanga anati amuperekeza, poopa kuti akachedwa ndi makasitomala. Ali pakhomo anatembenuka.

"Mayi, musakhudze chilichonse."

Ndinatsala ndekha ndi mkazi mnzanga, matumbo ake ali pamtunda. Ndinalowa kudzatenga tepi yanga, ndipo ndinaitengadi. Zina ndinena nthawi yake ikakwana.

Atabwera, Waya anadontheza pesiti pa purosesa, kadontho ngati njere ya nyemba. Atati anyamule choziziritsira, amunanga anamugwira mkono.

"Ichi chokha ndiika ndekha. Anthu akafunsa kuti anamanga ndani, ndiziyankha ndi mtima woyera."

Anachinyamula, anachikhazika, anamanga zomangira zinayi modumphitsa monga Waya anawauzira. Pofika masana zonse zinali m'malo. Atadina batani, mafani anazungulira, magetsi anawala, amunanga anafuula mpaka agalu a oyandikana nawo anayankha. Waya anaikamo gemu n'kuthamangira kushopu. Basi yabodza inanyamuka pa depoti yabodza, ikuoneka bwino kuposa yeniyeni.

Patatha mphindi khumi ndi ziwiri, mafani analira ngati ndege, basi inayamba kudumphadumpha, kenako zii. Mkazi mnzanga anakomoka.

4

Mawa lake zinali zomwezo. Mkuja wake zomwezo. Ukangoyatsa n'kumaiyang'ana, inalibe vuto. Koma basi ikangonyamula anthu n'kufika pa chitunda, inkazima. Lachitatu Waya anabwera kudzadya nafe, n'kuona manambala ena pa sikirini.

"Ikutentha kwambiri, alamu. Imadzizimitsa yokha kuti isapse."

"Ikutentha bwanji chonsecho chinsanja chija ndinamanga ndekha?"

Waya anakanda m'mutu. "Kapulasitiki ka kunsi kwa choziziritsira kaja tinachotsa, eti?"

"Unachotsa iwe pamaso panga! Unanenanso kuti zitsiru zokha ndi zomwe zimaiwala."

"Zoona, ndinachotsadi. Ndiye ndi chiyani?"

Supuni inandipulumuka n'kugwera pansi. Ndinaitola, ndinapita kukhitchini, ndinakaitsuka nthawi yaitali kuposa mmene supuni imafunira. Waya anati abwera Loweruka ndi zida kuti adzatsegule.

Tsopano ndikuuzeni zomwe zinkachitika mkazi mnzanga akakomoka. Amunanga ankausa moyo, ankazungulira pabalaza, kenako ankatulukira pakhonde langa. Ankakhala pa kampando ka makasitomala n'kuyamba kudandaula. Akatopa kudandaula ankandigwirira nsalu ndikamadula. Tsiku lina anandilowetsera ulusi pa singano. Tsiku linanso anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Kodi tsitsili mwasintha?" Ndinene zoona, ndinkamva kukoma. Ndinkachita kuyang'ana wotchi akayatsa kompyuta, n'kuika ketulo pamoto kuti tiyi apse mphindi khumi ndi ziwiri zikamakwana.

Loweruka lisanafike, mnzawo wa kuntchito uja anawatsina khutu. Anati anyamata okonza makompyuta ndi mmene amachitira: amakuonetsa bokosi latsopano, koma mkati amaikamo purosesa yotopa yochokera m'makina akufa, yatsopanoyo n'kugulitsa kwina. Amunanga anabwera kunyumba maso ali psu. Waya atafika ndi chikwama chake cha zida, anamuimika pakhomo.

"Sukhudzanso. Ukufuna udzabweze mwakachetechete zomwe unasolola?"

"Alamu, mukunena ine?"

"Anaitanitsa ndani? Anatsegula mabokosi ndani? Ndiitana katswiri weniweni adzatsegule pamaso pa anthu. Ndipo umve bwino, mlongo wanga sakwatiwa ndi wakuba."

Waya anandiyang'ana ine, mchemwali wake, kuti ndinenepo kanthu. Ine ndinayang'ana pansi. Atapita, amunanga anatenga polishi wanga wofiira wa zikhadabo, anadontheza pa chomangira chilichonse cha kesi, anajambula ndi foni, botolo n'kuika m'thumba mwawo. Anati aliyense wotsegula adzadziwika.

5

Katswiriyo anali atapita kukaphunzitsa kutali, ndipo tinayenera kumudikira masabata awiri. Nkhani sinadikire. Inafika kwa apongozi anga, inafika kwa amayi anga, inafika mpaka kunsi kwa masitepe kuja.

Mlamu wanga namwino anabwera pakhonde akadali mu yunifolomu. Anagwira diresi limodzi lofiira lomwe linali pa hang'ala, misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, mupitirize kusoka kapena musiye?"

"Ndipitiriza. Zitha bwino izi."

"Mukudziwa bwanji?"

Ndinaluma ulusi kuti pakamwa pakhale ndi ntchito.

Ndinapita kukamuona Waya ku shopu. Munthu woonda kale anali ataonderatu. Pa shelefu yomwe imadzaza mafoni odikira kukonzedwa panali atatu okha. Mayi wina anabwera ine ndili pomwepo kudzatenga laputopu yake isanakonzedwe, akuti wasintha maganizo.

"Achemwali, ndaganiza mpaka mutu ukuwawa," anatero Waya. "Purosesa ndi yatsopano, ndinadula chomata cha bokosi iwo akuona. Fani ikuzungulira. Pesiti ndinaika yokwanira. Chikanakhala kapulasitiki kaja ndikanamvetsa, koma ndinachotsa ndi zala zangazi."

Mawu anafika pakhosi. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka n'chakuti, "Wadya koma?" Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo tsiku lililonse lomwe ndinakhala chete linkachititsa kuti kulankhula kuvute kuposa dzulo lake.

Ndinaganiza zothana nazo ndekha. Lachinayi m'mawa amunanga atapita kuntchito, ndinatenga mpeni wopakira batala n'kugwada kumbuyo kwa kesi. Za polishi ndinati ndiziona pambuyo. Sindinadziwe kuti amunanga anapempha mayi awo kuti azibwera masana kudzalondera umboni.

"Mukutani pamenepo, apongozi?"

Ndinatembenuka. Anali ataima pakhomo, chikwama chili m'khwapa.

"Ndikupukuta fumbi, amayi."

"Ndi mpeni?"

"Ndi louma kwambiri."

Anakhala pa sofa, sofa inalira, ndipo sanadzukepo mpaka mwana wawo atabwera.

6

Mlandu unakambidwa Lamlungu masana pabalaza pathu. Panali apongozi, amayi anga, namwino, Waya ataima pafupi ndi chitseko ngati mlendo, ndi katswiri uja, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala amene amaphunzitsa za makompyuta pa koleji. Ine ndinkazungulira ndi tiyi yemwe palibe anamupempha.

Amagalasi anayerekeza polishi ndi zithunzi za m'foni, anavomera kuti palibe watsegula. Anachotsa galasi la pambali pa kesi, anamasula zomangira zinayi, anapotoza chinsanja chija pang'ono n'kuchinyamula. Anapukuta purosesa, anawerenga timanambala take, anayerekeza ndi ta pa bokosi.

"Purosesa ndi yake yomwe, yatsopano. Palibe chabedwa pano."

Namwino anagwira pamtima. Kenako Amagalasi anatembenuza choziziritsira, anakweza magalasi, n'kuyamba kuseka. Kunsi kwake kunali kapulasitiki koonekera, kodetsedwa ndi pesiti, kokhala ndi malemba ofiira.

"Apa alemba kuti chotsani musanaike. Mwaiveka jekete purosesa, ndiye mukudabwa kuti ikutuluka thukuta?"

Anakamatula n'kukapereka kwa Waya. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona zomwe iye anaona. Kumbali yomata ya kapulasitikiko kunali kaulusi kofiira, kofanana ndi madiresi asanu omwe anali pakhonde langa. Waya anakayang'ana, anakweza maso n'kundiyang'ana ine. Kenako anaphimba kaulusiko ndi chala chachikulu.

"Ndine," anatero. "Ndinaiwala. Pepani, alamu."

"Unalumbira kuti unachotsa!" anakuwa amunanga. Anali ataiwala kuti nawonso analumbira kuti anaona, chifukwa munthu amene wangochita manyazi amagwira chilichonse chomwe chili pafupi. "Wakuba ayi, koma wabodza ndi wosadziwa ntchito. Ndimupatse mlongo wanga munthu wotere?"

Amagalasi anapukusa mutu. "Mnyamata, pa ntchito yathu ichi ndi cholakwa cha mwana wa tsiku loyamba. Ine ndimatumiza ophunzira anga kwa iwe."

Waya anangoti, "Ndamva, bambo."

Thireyi ya tiyi inali idakali m'manja mwanga. Ndinaiika pansi.

"Chotsa chala pamenepo, iwe," ndinatero. "Aonetse ulusiwo."

Ndinanena zonse. Tsiku lija atapita kukatenga pesiti, ndinapeza tepi yanga pansi pa mabokosi. Pafupi nayo panali kapulasitiki katamatirira m'mphepete mwa tebulo, ndipo pambali pake chitsulo chonyezimira ngati kalilole, chili chamaliseche, fumbi la nsalu zanga likuuluka m'nyumba monse. Mtima unandiwawa. Ndinati anyamata awa sadziwa kusamala zinthu zodula. Chingerezi cha malemba ofiira sindinachiwerenge, ndani amawerenga pulasitiki? Ndinakawongola pa ntchafu panga, ndinakabwezera pamalo pake, ndinasalaza ndi chikhadabo mpaka osaoneka kuti kanachokapo. Ndinatuluka ndikudziyamikira.

Woyamba kulankhula anali amayi anga.

"Ndiye walakwa chiyani mwanayu? Chinthu chatsopano amachisiya pamtunda?"

Amagalasi anaseka mpaka kutsamwa. Namwino anaseka akulira. Ngakhale apongozi anabisa nkhope m'mpango, akuti, "Fumbi louma lija ndi limeneli?" Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka. Koma amunanga sankaseka.

"Mayi, munadziwa liti kuti vuto ndi limeneli?"

Ndikanatha kunena kuti lero lomwe. Waya anali akundiyang'ana.

"Tsiku lomwe supuni inagwa."

"Masabata atatu apitawo?"

"Eya."

"Chifukwa chiyani simunanene?"

"Poyamba chifukwa ikakomoka mumabwera pakhonde kudzakhala nane. Kenako chifukwa ndinachita mantha."

Kuseka konse kunatha. Waya anaika kapulasitiki kaja m'thumba la shati, anatsanzika akuluakulu mwaulemu, n'kutuluka osandiyang'ana.

7

Amunanga anapita okha kushopu mawa lake, ndipo anapepesa mokweza kuti a mashopu oyandikana amve. Anabwerera ndi Waya, amene anapukuta pesiti yakale, anaika yatsopano, n'kumanga choziziritsira osalankhula ndi munthu. Basi inakwera chitunda chija n'kutsetsereka kuseri kwake, kumene kunali tauni yomwe amunanga anali asanaionepo.

Chilango changa anagamula ndi apongozi. Anandipatsa sizasi yanga yomwe n'kundiloza sofa. Ndinadula pulasitiki ya zaka zisanu ndi ziwiri amayi anga atatembenukira kukhoma. Rimoti nayo inavulidwa. Nditakhala pa sofayo ndinadabwa kupeza kuti ndi yofewa, komanso kuti mtundu wake ndi wobiriwira kuposa mmene ndinkaganizira.

Ukwati unachitika, madiresi anakwana onse. Koma Waya sanandilankhule kufikira tsikulo. Ankandipatsa moni ngati kasitomala. Pa phwando, anthu akuvina, anabwera pomwe ndinakhala n'kundipatsa kaenvulopu. Mkati munali kapulasitiki kaja, ulusi wake uli pomwepo.

"Achemwali, mukanakhala chete tsiku lija, inenso ndikanakhala chete mpaka kufa. Pulasitikiyi sinandipweteke, ndimaiseka mpaka lero. Koma munabwera kushopu, munaona shelefu yanga, n'kundifunsa ngati ndadya."

Anandigwira paphewa n'kubwerera kwa mkazi wake. Akuti chibale ndi fupa sichiwola, ndipo n'zoona, tsopano timachezanso n'kumaseka. Koma akafuna kundiuza kanthu kolemera, amayamba waima kaye pang'ono, ndipo kale sankatero.

Inu amene mukuwerenga, mukamamanga kompyuta yanu, tembenuzani choziziritsira muone kunsi kwake musanamange, ngakhale mutachotsa pulasitikiyo ndi zala zanu, makamaka ngati m'nyumbamo muli munthu wosamala zinthu. Ndipo ngati mukufuna kuti mnzanu azikhala nanu pakhonde, muuzeni ndi pakamwa. Ine ndinadikira kuti makina andinenere, ndipo amene anapsa ndi mlongo wanga.

Mkazi mnzanga sakomokanso. Koma masiku ano basi ikayenda kanthawi, ndimamva amunanga akukuwa ali pabalaza kuti, "Siteji ya atelala, otsika atsike!" Kenako amatulukira pakhonde kudzafunsa ngati tiyi wapsa. Kaenvulopu kaja ndimasunga m'chitini cha masingano, ndipo ndimakaona m'mawa uliwonse ndisanayambe kusoka. Ndi pulasitiki yokhayo yomwe yatsala m'nyumba muno.